Mlendo wa ku Joni pakhonde pathu

Anthu a kwathu ku Namitete amapita ku Joni kukafuna ntchito. Choncho achimwene anga ataimba foni ali kumeneko kunena kuti mnzawo wina, mtsikana wobadwira ku Joni komweko, akufuna kudzagwirira ntchito kwathu kwa miyezi ingapo, mayi anayesa sanamve bwino.

"Ndi ntchito yanji yosowa ku Joni n'kupezeka kuno?" anandifunsa.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba uphunzitsi, ndikukhalabe pakhomo pa makolo. Ndinawalongosolera kuti ntchito yake ili m'kompyuta. Ankajambula zithunzi za m'mabuku a ana, mabwana ake ali ku Ulaya. Lendi ya m'tauni inali itamutopetsa, ndipo anamva kuti ku Malawi zinthu n'zotchipa.

Anatsika minibasi ndi chikwama chimodzi kumsana. Tinamupatsa kanyumba kakuseri kamene bambo ankasungiramo fodya, titakapaka laimu. M'mawa mwake anapita yekha kumsika, n'kubwera ndi tomato, mapeyala ndi mtedza, akusekerera kuti zonsezo sizinafike pa mtengo wa kapu ya khofi ya kwawo. Mayi atamva ndalama zimene analipira anagwira pakamwa. Kuyambira pamenepo ankamuperekeza okha. Iwo Chingerezi chinali cha moni basi, iye Chichewa analibiretu, koma mawu oyamba amene anawagwira bwino anali akuti, "Tsitsaniko, mayi."

Chimene chinamudyera ndalama sichinali chakudya. Zithunzi zake zinali zikuluzikulu, ndiye akatumiza ziwiri zitatu, bandulo yatha. Netiweki yabwino inkapezeka pakona ya khonde, chakukhola la mbuzi. Magetsi akazima ankakwera kabaza kupita kumsika, kwa bambo wina wachisilamu wa golosale amene anali ndi jenereta. Bamboyo ankamuikira tebulo pakati pa matumba a shuga, iye n'kumasonkha ya mafuta. Lachisanu masana golosale inkatsekedwa chifukwa cha mapemphero, ndiye ankadikirira panja akudya chimanga chootcha ndi anyamata a kabaza.

Tsiku lina ali pamsonkhano ndi mabwana ake pakhonde, mayi anatulukira ndi mbale ya chinangwa chophika. Ataona nkhope za anthu pakompyuta anaika mbale pansi, n'kugwada.

"Muli bwanji, bambo? Nanga inu, mayi, muli bwanji?"

Anawapatsa moni mmodzimmodzi mpaka onse anatha. Ine ndinali pazenera, manyazi atandigwira. Koma azungu aja anayankha mokondwa, wina mpaka anawerama. Kenako mayi anatembenukira kwa ine.

"Kodi amenewa adya? Akuonekatu ofooka."

Mlendo wathu anaseka mpaka misozi. Misonkhano yotsatira mabwanawo ankayamba ndi kufunsa za mayi.

Kenako pamudzi panagwa maliro a agogo ena oyandikana nafe. M'mawa mlendo anatulutsa kompyuta monga mwa masiku onse, koma mayi anaitseka pang'onopang'ono ndi dzanja.

"Muuze kuti lero sitigwira ntchito," anatero kwa ine.

Mlendoyo anadandaula kuti ali ndi zithunzi zofunika kutumiza tsiku lomwelo, koma mayi anali atatulutsa kale chitenje. Anamuveka, n'kupita naye kusiwa. Kumeneko mlendo wathu anapereka chipepeso, anatunga madzi ndi amayi anzake, ndipo anakhala pamphasa mpaka miyendo inachita dzanzi. Pobwerera anandiuza kuti zonse zimene anawerenga za kukhala kunja zinkanena za lendi, chakudya ndi intaneti, koma palibe anatchulapo za maliro. Sananene mokwiya. Ntchito ija anaimaliza mochedwa, ndipo mabwana anamudula malipiro pang'ono.

Mvula itayamba, denga la kanyumba kaja linadontha pamwamba penipeni pa tebulo lake. Bambo anakwera kukamata, koma iye anali ataganiza kale zopita ku Zanzibar, kumene anamva kuti kuli anzake ambiri a ntchito ngati yake. Ndinamufunsa ngati kwathu kunalidi kotchipa. Anaganiza kaye, n'kunena kuti akaphatikiza bandulo, kabaza ndi mafuta a jenereta, sanapulumutse zambiri monga ankayembekezera.

Nditawamasulira mayi, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Koma wanenepa, eti? Ku Joni akamuona adziwa kuti anali kwa anthu."

Tinamuperekeza kumsewu titamusenzetsa thumba la mtedza lolemera kuposa chikwama chake.