Lole Inaliza Hutala Ine Ndikuganizabe

Inu owerenga, ndinawononga nthawi yanga pachiyambi pa masewera a tchesi, ndipo zimene ndinataya tsiku limenelo zimandiwawa mpaka lero.

Ndinkaphunzitsa ku Chifunga, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Tchesi anandiphunzitsa ndi a Domingo, telala amene anathawa nkhondo ku Mozambique. Tinasewera pakhonde pawo zaka zitatu, ine osawagonjetsapo n'kamodzi komwe. Ankandidzudzula kuti ndimachedwa kuganiza masewera akangoyamba, chonsecho masunthidwe oyambirira ndinkawadziwa kale.

Nkhondo itatha, tsiku lawo lobwerera kwawo linakwana. Lole yowatenga inkanyamuka 12 koloko masana. Anandiitanitsa m'mawa, katundu atamanga kale, kutangotsala bolodi ndi zidole zimene anasema okha.

"Aphunzitsi, mukandigonjetsa lole isananyamuke, bolodi iyi ndi yanu," anatero akuika wotchi yawo pambali.

Tinali ndi ola limodzi ndi theka. Titangosuntha kanayi, anaika chidole chawo cha bishopu pamalo achilendo. Ndinati uwu ndi msampha basi. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko, dzanja kupita n'kubwerera. Anthu ankadutsa atasenza mitolo, akazi a Domingo n'kumasuzumira pakhomo. Pamene ndinkasuntha kavalo wanga, mphindi makumi asanu zinali zitapita.

Masewera atafika pakati, ndinaona kuti mfumu yawo yatsala poyera. Kwa nthawi yoyamba chipambano chinali pafupi, ndipo ndinkangofunika mphindi zisanu zoganiza modekha. Pomwepo lole inaliza hutala. Ndinakankha mfumukazi yanga mothamanga, iwo n'kuidya ndi kamsilikali.

Akulongedza zidole m'thumba ndinawafunsa za msampha uja.

"Msampha uti? Ndinangolakwitsa, maganizo anali pa ulendo."

Anathamangira lole ija. Sitinatsanzikane bwinobwino, ngakhale dzina la mudzi wawo sindinafunse. Sindinamvenso za iwo.

Inu amene mumasewera tchesi, poyamba sunthani zimene mukuzidziwa, tulutsani akavalo ndi mabishopu, bisani mfumu yanu. Mnzanu akasuntha modabwitsa, ganizani pang'ono, mukapanda kuona choopsa pitirizani. Kuganiza kwakuya kusungireni pakati pa masewera. Ine ndinathera pafupifupi ola ndikuopa msampha umene panalibe, mnzanga ali pamaso panga komaliza.