Mawu a Agogo M'balani ya Fodya

Agogo anga obereka amayi sindinawaonepo. Ndinkangodziwa mawu awo. Iwo anali ku Nkhotakota, ife tinabadwira kudziko lina, pa famu ya fodya kufupi ndi tauni ya Mvurwi, ndipo chotilumikiza chinali kaseti imodzi imene munthu wina wa m'komboni mwathu anabwera nayo pochokera kumudzi. Masiku amenewo anthu osadziwa kulemba ankatero: ankalankhulira m'wailesi, kaseti n'kukwera basi m'thumba la wapaulendo. Patapita miyezi kaseti itafika, tinamva kuti agogo amwalira. Amayi analibe mapepala owolokera malire, choncho kumaliro sanapite.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse bambo akabwerako ku mzikiti, amayi ankayala mphasa, kusamba m'manja, n'kuika kasetiyo m'wailesi. Munalibe nkhani zakuya. Agogo ankayamba ndi salamu, kenako n'kufunsa wowajambulayo kuti, "Kodi chikumva chimenechi?" Akatero ankadandaula za bondo, za mbuzi ya eni ake imene inawadyera chinangwa, ndi za kuzizira kwa chaka chimenecho. Chakumapeto ankatchula ana a amayi mmodzimmodzi. Ine ankanditi "uja wamanyazi", poti ndi mbiri yanga yokhayo imene inawafika.

Ndili mu Fomu 2, kasetiyo inayamba kudwala. Mawu ankakwera ndi kutsika ngati a munthu wolankhula ali pa ngolo. Lachisanu lina wailesi yathu inaitafuna. Nditatsegula, kachingwe kabulauni ka m'kati kanatuluka kali kofinyika, ndipo malo ena kanali kataduka. Amayi sanalire. Anangokulunga kasetiyo m'nsalu n'kupita kukatunga madzi, ngakhale ndowa zonse zinali zodzaza.

Ndinaitenga nsaluyo mwakachetechete. Ndinadula mbali yofinyikayo ndi lezala, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi kadontho ka utoto wopaka zikhadabo, kenako n'kupota kachingweko ndi cholembera pang'onopang'ono. Poyang'ana pa dzuwa ndinaona kuti konse kanali katapyapyala. Ndinadziwa kuti kakalira kamodzi, mwina kawiri, basi. Mawuwo anayenera kusamukira m'kaseti yatsopano.

Wailesi ya makaseti awiri m'komboni munalibe. Njira inali yoyang'anitsa mawailesi awiri, ina izilankhula, ina izimvetsera. Yathu inali yotafuna, koma kujambula inkajambula bwino. Yolankhula tinakabwereka kwa oyandikana nawo nyumba, bambo oyendetsa thirakitala, Mkhristu wanthabwala amene ife ana tinkawatchula kuti amalume. Kaseti yatsopano ndi mabatire bambo anga anakagula ku Mvurwi.

Vuto linali phokoso. Wailesi yomvetsera simasankha: tambala, mtondo, mwana wolira, zonse imameza. Ndipo m'komboni simukhala chete ngakhale pa maliro. Ndinaganiza za mabalani, nyumba zazitali za njerwa zowotcheramo fodya. Nyengo inali itatha, fodya atapita ku okushoni, ndipo mabalani anali opanda kanthu. Bambo anapempha kwa kapitawo, tinaloledwa Lamlungu masana.

Panatsala chinthu chimodzi chimene chinkandiopsa kuposa kachingwe kaja. Ndinayenera kuuza anthu akuluakulu kuti akhale chete. Ine amene mphunzitsi akandiloza ndinkayang'ana pa desiki, amene mlendo akabwera ndinkathawira kuseri kwa nyumba. Mawu oti ndikanene ndinawalemba m'kope langa momwe ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku, n'kumawabwereza popita kusukulu.

M'balani munali mozizira, mwamdima, monunkhira fodya wakale. Pamwamba panali mitengo yopachikapo masamba, yopingasa mpaka kudenga. Bambo anatsala panja kuti azithamangitsa ana. Ndinaika mawailesi pa thumba, moyang'anana ngati anthu onong'onezana. Amayi anakhala pa mphasa atafunda mpango wawo woyera wa Lachisanu. Amalume anakana kusiya wailesi yawo yokha, anakhala pa njerwa atavala jekete la kutchalitchi.

"Tiuzeni malamulo, a injiniya," anatero amalume.

Ndinayang'ana pansi, koma mawu anatuluka. "Ndikadina batani lofiira, pasapezeke wolankhula kapena wotsokomola. Kubweza sitingabweze, kachingweka sikangapirire. Mwayi ndi umodzi."

"Nanga kupuma?"

"Pumani pang'onopang'ono, amalume."

"Mwamva, achemwali?" anatero kwa amayi. "Zaka zonsezi ndimati chisikana chanu n'chosalankhula, chikhalirecho chimasungira mawu ine."

Amayi anamwetulira pang'ono. Ndinadina mabatani onse. Panamveka kaphokoso ka mphepo, kenako agogo anadzaza balani yonse.

"Salamu aleikumu, mwana wanga."

"Waleikumu salamu, amayi."

Anali amayi anga. Anayankha momveka, monga ankayankhira Lachisanu lililonse. Salamu saisiya lendewera, makamaka ya kholo. Ndinali nditawamva akuyankha choncho kambirimbiri moti pokonza malamulo anga sindinakuwerengere ngati kulankhula. Iwonso anazindikira mawu atatuluka kale. Anagwira pakamwa ndi manja onse, maso ali pa ine.

Chala changa chinali pa batani loimitsira. Kuimitsa kunali kubweza, ndipo kubweza kunali kukoka kachingwe kopyapyala kaja chambuyo. Ndinayang'ana timagudumu ta m'kaseti tikuzungulira bwinobwino. Ndinachotsa chala.

"Kodi chikumva chimenechi?" anafunsa agogo. Amalume analuma kolala ya jekete, mapewa akugwedezeka.

"Muli bwanji kumeneko, ndi ana?"

Apa agogo ankasiya mpata, ngati akudikira. Amayi anandiyang'ana, manja adakali pakamwa. Ndinagwedeza mutu kuwalola. Anatsitsa manjawo.

"Tili bwino, amayi. Ana akukula."

Zinapitirira choncho. Agogo akati bondo, amayi ankati pepani. Akati kwazizira, amayi ankati kunonso. Tikuyandikira polumikiza paja ndinasiya kupuma. Agogo anali pa nkhani ya mbuzi. Panamveka kuti thi, mawu anadumpha, mbuzi inasowa pakati pa munda, ndipo agogo anatulukira kutsidya akulankhula za mvula. Utoto unagwira.

Kenako anayamba kutchula ana. Anatchula achimwene anga, anatchula mng'ono wanga. "Ndi uja wamanyazi, mumuuze kuti ndamupatsa moni."

Zaka zonse zija pamenepa ndinkabisa nkhope m'chitenje cha amayi. Tsiku limenelo ndinawerama pafupi ndi wailesi yomvetsera.

"Ndili pano, agogo. Ndalandira."

Kaseti inafika kumapeto, batani linadumpha lokha. Ndinaimitsa yojambulayo.

"Tipume tsopano?" anafunsa amalume.

Ndisanawaletse, anadina batani lobwezera pa wailesi yawo, mwa chizolowezi cha munthu wosamala makaseti. Inalira pang'ono, kenako timagudumu tinayamba kuzungulira mopepuka. Kachingwe kanali kataduka, pamalo ena atsopano. Amalume anavula chipewa.

"Palibe kanthu," ndinatero. Koma ndinali ndisanamve ngati yatsopanoyo yagwira chilichonse. Ndinaibweza, ndinaitana bambo kuti alowe, n'kudina.

Mphepo ija. Kenako salamu ya agogo, yomveka bwino, yokulirapo chifukwa cha makoma a balani. Ndipo pambuyo pake yankho la amayi, pafupi, ngati akhala mphasa imodzi. Munthu wosadziwa sakanakhulupirira kuti pakati pa funso ndi yankho panali zaka ndi malire a mayiko. Bambo, amene sankakonda kuonetsa za mumtima, anakhala pansi pafumbi ndi buluku lawo labwino. Pofika pa mawu anga anatembenuka kundiyang'ana.

"Ameneyu ndi iwe?"

"Ndine, bambo."

"Bwezanso pamenepo."

Ndinabweza mopanda mantha. Kachingwe katsopano kanali kolimba, kakanatha kubwezedwa mpaka mabatire kutha.

Potuluka, dzuwa linatithobwa m'maso. Ana amene bambo ankawathamangitsa anali atadzaza pakhomo. Amalume ananyamula mawailesi onse awiri, ine anandipatsa kaseti yokha, n'kundiyendetsa patsogolo. Aliyense wokumana naye ankamuuza kuti apatuke, injiniya akudutsa, ndipo mawu a agogo apulumuka, mbuzi ya m'kaseti ija yokha ndi imene yatsalira m'njira. Sindinathawire kuseri kwa nyumba. Pomafika Lamlungu lotsatira, azimayi ena a m'komboni anali atabwera kale ndi makaseti awo okulunga m'nsalu, ndipo kapitawo anangondisiyira kiyi wa balani.

Kaseti yakale amayi anaisunga m'sutikesi, yoduka choncho. Lachisanu lotsatira anayala mphasa, anasamba m'manja, naika yatsopano. Agogo atapereka salamu, amayi a m'kaseti anayankha, ndipo amayi a pa mphasa anayankhanso.