Munthu Amene Anagwera M'mwamba

Ndikukumbukira chaka chimene ababa anagwa pachigafa choumitsira fodya. Tinali matenanti pa esiteti ina cha ku Njombwa, kwathu kuli ku Phalombe, ine ndili kamtsikana ka sitandade 3. Ankapachika mikangala ya fodya pamwamba penipeni, mtanda wofumbwa n'kuthyoka, iwo pansi khu! Chiuno sichinabwererenso m'malo mwake. Ululu ankaupirira, koma manyazi ndiwo anawagonjetsa. Munthu amene ankasenza yekha belo la fodya tsopano ankayendera ndodo, ndiye anangodzitsekera m'nyumba. Ngakhale kutchalitchi anasiya. Amayi ankadandaula kuti munthu akayamba kuthawa anzake ndiye kuti wayamba kutsanzika.

Lamlungu lina masana, nyengo yosankha fodya, mphwake wa mwini esiteti anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi wailesi ya kanema, makina a vidiyo ndi jenereta. Anaziika m'shedi, mazenera n'kuwatseka ndi ziguduli. Amayi anawaumiriza ababa mpaka anavomera, koma anakakhala pakhomo penipeni kuti akafuna kuthawa asaponde munthu. M'katimo munkanunkha fodya wouma ndi thukuta, anafe tikungoyetsemula.

Kanemayo anali wakalekale, wakuda ndi woyera basi, wopanda mawu. Ine ndinali ndisanaonepo anthu amoyo m'bokosi, ndipo ndinangoti kukamwa yasa. Ankayenda mwaphuma ngati aponda linthumbu. Chimunthu china chonenepa chinasenza thabwa: chikatembenuka limagwetsa mnzake, chikatembenukira uko kuti chipepese limagwetsa wapolisi. M'shedimo munali Alomwe, Ayao, Atumbuka ndi eni mudzi amene ankatiyang'anira kumbali, koma panalibe wofuna womasulira. Kapitawo, amene tinkayesa kuti anabadwa wopanda mano, tinamuona mpaka a m'kati.

Kenaka kamunthu kowonda kanakwera makwerero aatali katanyamula chitini cha penti. Makwerero anayamba kugwedera. Kanagwa chagada, penti yonse kumaso. M'shedi munangoti zii. Aliyense ankadziwa amene wakhala pakhomo, ndipo panalibe woyerekeza kucheuka. Ndinamva ndodo ikugogoda pasimenti. Ababa ankadzuka kuti azipita, ndipo ndinadziwa kuti akatuluka pamenepa sitidzawaonanso pagulu.

Mlendo wa ku Lilongwe uja, kaya anachita dala kaya anangosokonezeka, anadina pobwezera. Zimene ndinaona sindidzaziiwala. Penti inachoka kumaso n'kubwerera m'chitini. Kamunthu kaja kananyamuka pansi, kuuluka chagada, n'kukaima bwinobwino pamwamba pa makwerero, chipewa nacho n'kudzipezera mutu. Mayi wina anachita chizindikiro cha mtanda. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti bokosilo likhoza kubweza chilichonse chimene chinachitika, ndipo ndinayamba kuganiza za mmene tingawalowetseremo ababa.

"Achimwene," anatero ababa ali chiimire, "makina amenewa mumabwereketsa? Kumtundaku kuli chigafa china, ndikufuna ndikagwepo chobwerera."

Anayamba ndi kapitawo, kenaka shedi yonse inafa nalo phwete. Ababa anakhalanso pansi, n'kupempha kuti kamunthuko akagwetsenso. Kanagwadi, kanadzuka, kanasasa fumbi n'kumapita ngati palibe chachitika. Ababa anaseka mpaka kugwira chiuno chopwetekacho. Amayi okha ndiwo sankaseka, ankapukuta m'maso ndi chitenje.

Lero ana anga amaonera zoseketsa pafoni, aliyense payekha, n'kumasekera m'mphuno. Ndikawapezera akanema akale ngati amenewo amati n'zachibwana, anthu akuluakulu kumangogwa. Sindikangana nawo, chifukwa iwo chozizwitsa chija amachichita ndi chala tsiku lililonse osachiona n'komwe. Bokosi lija silinabweze chiuno cha ababa, anatsimphina mpaka tsiku lowaika m'manda. Koma Lolemba lotsatira kanema uja m'mawa, ndikuwaperekera madzi osamba, ndinapeza pamphasa palibe munthu. Anali atapita kale kushedi, akusankha fodya pakati pa anzawo.