Mkonzi Amene Adakana Lilime Lobwereka

Mkonzi wakale wa magazini ya osuta kaliwo amafikabe pamalo omwera khofi ku Alexandria Lachinayi lililonse, kaliwo wopanda moto ali kukamwa. Asanakhale pansi amayamba aona kumene mphepo ikulowera.

Nagui, amene adawerenga magaziniyo zaka makumi awiri, amaukumbukira bwino mwambo wake. Owerenga ankatumiza kalata ndi kafodya pang'ono mu envulopu, mkonziwo n'kusuta, n'kulemba mmene wawakomera. Fodyayo akakhala woipa ankalemba poyera kuti ndi udzu wa bulu. Dokotala atawaletsa mkonziwo kusuta chifukwa cha chifuwa, magazini idathera pomwepo.

Tsiku lina Nagui adawachonderera kuti ayambirenso magaziniyo. "Akulu, tizisuta ndife, inu muzingolemba zimene tikuuzeni. Adziwe ndani?"

"Ndiwanamize anthu ndi lilime lobwereka?" adatero mkonziwo. "Ndiye lakolo, Nagui, losasiyanitsa fodya ndi utuchi."

Adatenga kathumba ka fodya ka Nagui, n'kununkhiza, n'kumubwezera. "Wamuumitsa kwambiri. Komabe yatsa."

Kenaka adakoka mpando wawo n'kukakhala kumene utsi unkapita, atatsinzina.