Khanda la Eni Limene Ndinanyamula ku Kepi

Ndinaganiza zopita ku Kepitauni tsiku limene loji ya ku Kande komwe ndinkaphika inatichotsa ntchito. Mkazi wanga NyaManda anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinamuuza kuti ndikakhala chaka chimodzi basi. Iye anangoti, "Yewo, tamva," n'kupitiriza kusenda chinangwa. Ndinakakhala zaka zinayi.

Ku Kepi ndinapeza ntchito yophikira mzungu wina wa ku Australia, katswiri wa mafilimu a pa TV. Antchitofe tinkamutcha Bwana Ndevu. Mufilimu yomwe ankajambula anali bambo wachikondi, wothamangitsana ndi ana pabwalo, koma ana ake enieni awiri anali kwawo ndipo ankangowaonera pa foni. M'mawa uliwonse, ine ndikukazinga mazira, iye ankakangana ndi mkazi wake pa foni pomwepo, mwana wamng'ono akukana kubwera kudzamupatsa moni. Ndinkapukusa mutu. Munthu wanji wodziwa kulera ana a eni pamaso pa kamera, ake akukula ngati amasiye? Chonsecho mwana wanga Wezi anabadwa ine kulibe. Koma ndinkati ine ndine wosiyana, popeza mwezi sunkatha osatumiza kangachepe.

Kusungulumwa kunalipo, ndisaname. Lamlungu ndinkabindikira m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja, kumvera mobwerezabwereza mauthenga a NyaManda: denga likudontha, mwana wamera mano, wayamba kuyenda.

Tsiku lina kojambulako anasowa anthu ongodutsa kumbuyo, bwana n'kunditenga. Ntchito yanga inali yoyenda pamsika nditanyamula khanda pachifuwa, mayi wina wa ku Zimbabwe atandikoloweka mkono ngati mkazi wanga. Dzina lake sindinamufunse n'komwe. Khandalo linkalira, ndiye ndinaliimbira kanyimbo ka Chitonga mpaka linagona. Filimu itatuluka bwana anandidulira kachidutswa, ine mwamatama n'kukaponya pa gulu la achibale la pa foni.

Ndinkadikira kuyamikiridwa. M'malo mwake anaimba amalume, amene ndi ankhoswe athu. "Ada, mwatichititsa manyazi. Akulu a mpingo akufunsa kuti mayi uja ndani. NyaManda walongedza, ali kwawo ku Tukombo."

Ndinapsa mtima zedi. Anthu omwewa amaonera mafilimu tsiku ndi tsiku, amadziwa kuti wofa mufilimu amadzuka n'kukadya nkhomaliro. Zafika pa ine ndiye zasanduka zoona? Ndikaimba, NyaManda sankayankha. Ndalama ankalandira, koma mawu ake sindinawamvenso. Patatha miyezi itatu ndinatsanzikana ndi bwana. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndipite msanga, chifukwa iye anachedwa kale.

Nkhani tinakambira pakhonde la apongozi ku Tukombo, amalume ali pomwepo. Ndinafotokoza mpaka thukuta kamukamu: za makamera, za magetsi, za mkulu wolamula kuti bwerezaninso. NyaManda anandisiya kuti ndithe mawu.

"Ada, musatiyese ana," anatero. "Ndikudziwa kuti ndi sewero. Mayi uja ndilibe naye mlandu. Ine ndinaona manja anu. Mutu wa mwana munauchirikiza bwinobwino, pakamwa panu pakuyenda, mukumuimbira. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti mwina si munthu wa ana, zimenezi sazidziwa. Kani mumadziwa? Wezi wagonekedwa kuchipatala kawiri, inu mumangotumiza ya mankhwala."

Amalume anayang'ana pansi. Masiku atatu m'basi ndinkakonza mayankho a mlandu wa chigololo, osati a mlandu uwu.

NyaManda anamuitana Wezi. Anabwera n'kubisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake, diso limodzi likundisuzumira.

"Ama, awa ndi aja a mu foni?"

Ndinakumbukira mazira aja, ndi mutu womwe ndinkapukusa, manyazi n'kundigwira.

NyaManda sanafune faindi kapena kupepesedwa pamaso pa mpingo. Anati, "Tsiku lomwe Wezi adzalole kuti mumunyamule mpaka pa siteji ya minibasi osalira, tidzakwera limodzi minibasi ya ku Kande."

Ino ndi sabata yachisanu ndi chimodzi. Loweruka lililonse ndimapita ku Tukombo, makondakitala akundikuwa kuti "wa mafilimu". Zimandinyansa, ndipo chimene chimandiwawa koposa n'choti khanda la eni linagona m'mphindi zochepa chabe, pomwe wanga akuti kanyimbo kaja n'koipa. Loweruka lapitali analola kuti ndimunyamule. Tinadutsa khola, tinadutsa pamjigo, NyaManda akutilondola chapatali. Titafika pa mtengo wa mango anayamba kuphiriphitha kuti atsike. Siteji inkaonekera pomwepo, minibasi itaima. Ndinamutsitsa, tinabwerera akuyenda yekha.