Kompyuta Imene Inapsa ku Chinsapo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, amene ankayendetsa lole ya maganyu. Tsiku lina anafika kwathu ku Kawale atatuwa ndi fumbi, n'kundiuza kuti akuchokera kotula katundu wachilendo ku Biwi, zitsulo zazitali zolemera zimene mwini wake ankazitcha maseva. Apo n'kuti nditamaliza kosi yokonza makompyuta, koma ndikungokhala pakhomo, kuthandiza mayi kukazinga mandasi.

"Mkulu amene uja ali yekha," anatero alamu. "Upite ukamuone, Tiyamike. Akakana wakana."

Mkuluyo anali bambo Gondwe, a ku Rumphi koma okhalitsa mu Lilongwe, munthu wosachulutsa mawu. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi pakati pa owotcherera zitsulo ndi ogulitsa masipeya a galimoto. Za mapepala a kusukulu sanafunse. Anandipatsa sikuludiraiva n'kundilozera seva imene inali pansi. "Masula. Usathyole kanthu." Nditamaliza anayang'ana mmene ndinasanjira masikuluwu pansalu, n'kundiuza kuti ndibwere mawa lake.

Seva ndi kompyuta yaikulu imene maofesi amasungiramo ntchito zawo. Imakhala m'chipinda chozizira, yoyaka usana ndi usiku, ndipo ikakalamba amaigulitsa ngati chotaya. Bambo Gondwe ankagula zimenezi, ife n'kuchotsamo purosesa, umene ndi ubongo wake, pamodzi ndi ramu, mmene imakumbukiramo zimene ikuchita. Tinkaziika pa bodi, thabwa limene ziwalo zonse zimalumikizidwapo, yotchipa yochokera kunja, yopangidwira dala mapurosesa akalewa, n'kuwonjezera khadi la zithunzi logwirapo kale ntchito. Zikatero inkatuluka kompyuta yoti munthu azisewerera magemu kunyumba, pamtengo woti anthu a kwathu kuno n'kuufikira.

Ine ndinkachotsa fumbi ndi chouzira mpweya ndi kaburashi, n'kutsuka ndi sipiriti phala louma la pamwamba pa purosesa. Phala limeneli ndi limene limathandiza kuti kutentha kuzituluka. Latsopano timapaka kadontho kokha ngati njere ya khobwe, kenako n'kumanga choziziritsira mopingasa, sikuluwu iyi kenako ya kutsidya, kuti chikhale mofanana. Pokhala purosesa pali timapini tating'ono kwambiri, ndipo kamodzi kakapindika bodi yatha. Chimene tinkachepetsapo mtengo chinali pawa sapulayi, kabokosi kamene kamalandira magetsi a pakhoma n'kugawira ziwalo zonse. Atsopano anali odula, choncho tinkaika akale a m'maofesi titawayeza ndi mita. Mushopu zonse zinkayenda bwino, poti pakhoma pathu panali chotetezera magetsi.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira kunabwera mayi wina wogulitsa kaunjika, mayi Nachisale a ku Chinsapo. Za magemu sankadziwa kanthu. "Mwana wanga akuti ndigule yoti izikoka gemu ya mpira," anatero. Tonse tinangoganiza kuti ndi mwana wasukulu wovutitsa makolo. Ndinaimanga ndine, tinaiyesa tsiku lathunthu, iwo n'kuitenga paminibasi.

Itafika nyengo yotentha ya Okutobala, mayi Nachisale anaimba foni kuti kompyuta ija ikumangozima yokha. Bambo Gondwe anali atapita kumaliro kwawo, ndiye anandiuza pafoni kuti ndipite ndekha. Kanali koyamba kupita kwa kasitomala popanda iwo.

Ndinafika chakum'mawa, dzuwa litakwera kale. Nyumba yake inali ya lendi, zipinda ziwiri, malata ofupika opanda siling'i. Nditalowa kuchipinda ndinapeza kuti mwana uja ndi bambo wamkulu kuposa ine, atagona pabedi, atamutsamiritsa mapilo kumsana. Dzina lake anali Yohane. Ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza mpaka pamene galimoto inamugunda pamsewu wa ku Likuni, ndipo kuchokera m'chiuno kutsika sankamvanso kanthu.

"Ndinu amakaniko ake, asisi?" anandifunsa akumwetulira. "Ine ndimadikira mdala wandevu."

Kompyuta inali pampando pafupi ndi bedi. Mayi ake ankaifunditsa nsalu yoluka poopa fumbi, osadziwa kuti akutseka mopitira mpweya. M'chipindamo munkatentha ngati mu uvuni, ndipo soketi inali imodzi yokha, waya wake wochokera kunyumba ya eni ake a malo. Magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha. Ndinatsegula, ndinachotsa fumbi ndi kaburashi, ndinasintha phala, n'kumangirira fani ina imene ndinabwera nayo m'chikwama. Kenako panalibenso chochita koma kudikira.

Podikirapo Yohane anandifotokozera kuti atangotuluka m'chipatala anzake a pasiteji ankabwera, koma pang'onopang'ono anasiya. "Sindiwada ayi," anatero. "Munthu ungacheze naye chiyani wongogona? Koma chibwerere kompyutayi, masana aliwonse amadzaza muno. Amabwera kudzandigonjetsa, ine n'kumawakwapula."

Zoonadi, dzuwa litapendeka ndinamva njinga zikuima panja. Analowa anzake akuseka, zipewa zili m'manja, n'kukhala pansi ena m'mphepete mwa bedi. Posakhalitsa magetsi anayaka. Babu linkaphethira, ndiye ndinawapempha kuti tidikire kaye. Litakhazikika ndinayeza pasoketi ndi mita, ndinaona kuti zili bwino, n'kuyatsa. Gemu inatseguka. Ndinkayang'ana kutentha kwa purosesa pakona pa sikirini, ndipo sikunkakwera. Yohane anagoletsa chigoli, anzake n'kuyamba kumunena kuti wabera. Mtima wanga unakhala pansi, ndinayamba kulongedza zida.

Ndili chiweramire, babu linawala mwadzidzidzi kuposa kale, m'kompyuta munamveka kuphulika ngati chikwapu, sikirini n'kuda. Ndinazula waya msangamsanga, koma fungo la pulasitiki yopsa linali litadzaza kale chipinda. Nditatsegula ndinapeza pawa sapulayi itapsa, ndipo sinafe yokha. Moto unadutsa mpaka pabodi, pamene panali patada bii, ndipo khadi la zithunzi nalo linkanunkha.

Mmodzi mwa anzake anati ali ndi kasitomala woti akamutenge, wina naye anakumbukira zake, mpaka tinatsala atatu.

"Ikonzeka, asisi?" anafunsa Yohane.

Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Ndinatuluka panja n'kuimbira bambo Gondwe. Kumbuyo kwawo kunkamveka nyimbo za pamaliro. "Zakale zilibe galanti, Tiyamike," anatero motsitsa mawu. "Uwauze kuti ndi magetsi. Ubwere nayo kushopu, ndidzaiona." Sananame, analidi magetsi. Koma mawuwo anandikanika kuwabwereza m'chipinda muja.

Mayi Nachisale ananditsatira panjapo. Sanakalipe, ndipo mwina zikanandipepukira akanakalipa. "Mwana wanga," anatero, "isanabwere kompyuta ija ankakana chakudya. Ankangoyang'ana khoma, kundiuza kuti ndisamavutike naye. Chitani zimene mungathe."

Pamene ndinkabwerera kukanyamula kompyutayo, Yohane anali atapempha kale mayi ake kuti amutembenuzire kukhoma. Sanandiyang'ane potsanzikana. Ndinakwera nayo minibasi nditaiika pamiyendo, ikununkhabe utsi, mpaka mayi amene ndinakhala naye pampando anandifunsa ngati kwathu kwapsa nyumba.

Bambo Gondwe atabwerako ndinawafotokozera zonse, za bedi, za anzake, za soketi imodzi ija. Anatembenuza bodi yopsayo m'manja. "Bwanji mayi aja sananene?" anafunsa. Kenako anadziyankha okha: "Ifenso sitinafunse." Tinayesa purosesa pabodi yathu yoyesera n'kupeza kuti ili moyo, pakuti zinthu za m'maseva n'zolimba. Anaitanitsa bodi ina kunja, anagula pawa sapulayi yatsopano ndi chotetezera magetsi, khadi anachotsa pakompyuta yawo ya mushopu. Kwa mayi Nachisale sanapemphe kanthu. Koma katundu wa kunja amachedwa, ndipo bodi inafika mvula itayamba kale.

Tinapita awiri kukatula kompyutayo. Tinapeza mayi Nachisale ali okha, bedi litachotsedwa zofunda. Yohane anali atayambanso kukana kudya, zilonda zinamutuluka kumsana, anagonekedwa kuchipatala, ndipo atatuluka amalume ake anamutengera kumudzi ku Dedza kumene kuli anthu ambiri omutembenuza ndi kumusambitsa. Kumudziko kulibe magetsi. Mayiwo anatithokoza mwaulemu, n'kutiuza kuti tiike pakona. "Akadzabwera adzaipeza," anatero. Bambo Gondwe anapemphera nawo mwachidule, tinabwerera. Chaka chotsatira ndinadutsa pakhomopo ndinapeza mukukhala anthu ena. Za Yohane sindinamvenso, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anaigwiranso kompyutayo.

Panopa ndili ndi benchi yangayanga yokonzera makompyuta ku Area 23, ndipo ndimamangabe makompyuta a magemu ndi ziwalo za maseva akale. N'zabwino ndithu, zimagwira ntchito zaka. Koma zinazolowera chipinda chozizira ndi magetsi okhazikika, pamene ife timazitumiza pansi pa malata, ndipo amene amadziwa malo awiri onsewa ndine womanga, osati wogula. Choncho munthu akabwera ndimayamba ndamukhazika pansi. Ndimamufunsa kuti azisewera ndani, m'chipinda chotani, magetsi ake amabwera bwanji, ndipo ikawonongeka kunyumbako kukhala bwanji. Pawa sapulayi yakale sindiika, ngakhale zitatanthauza kuti khadi la zithunzi likhale locheperako mphamvu. Ena amatopa nawo mafunso angawa, amati kwina amangolipira n'kunyamula. Ndimawasiya apite.