Moni wa Bambo pa Munda wa Kachewere

Dzulo mwana wanga Yamikani anandipatsa foni kuti ndione kalata yofunsira ntchito imene watumizanso. Polandira foniyo ndinakhudza chikhatho chake. Chinali chofewa ngati cha khanda.

Bambo anga atabwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni, ankalima kachewere ku Mlangeni. Nthawi yokumba ikakwana, anthu ankabwera m'mamawa kudzapempha ganyu, mame akadali m'miyendo. Bambo sankafunsa dzina kapena mudzi. Ankangopereka moni wa dzanja. Ena mwa anthuwo Bambo ankawagwira dzanja nthawi yaitali, chala chawo chachikulu chikuyendayenda m'chikhatho cha mlendoyo, kenako n'kuwapatsa khasu. Ine ndinkaganiza kuti amenewo ndi abale athu, ndipo ndinkawagwadira.

Tsiku lina kunabwera mnyamata wa ku Champiti atavala shati yoyera, setifiketi ya fomu folo ili mu envelopu. Bambo anamugwira dzanja n'kulisiya msanga.

"Achimwene, manja awa ndi a cholembera. Pitani ku Boma, kumeneko kuli maofesi."

"Ndachokera komweko, bambo," anatero mnyamatayo.

Bambo anali atatembenuka kale. Mnyamatayo anaima pang'ono, n'kubwerera ndi envelopu yake. Ine sindinamugwadire, poti sanali m'bale.

Ndinamva nditakula kuti Bambo ankafufuza kukhakhala kwa chikhatho, monga momwe nawonso anawapimira asanawatenge kupita ku migodi.

Yamikani ali ndi digiri. Agogo ake akanamuuza kuti apite ku Boma. Chaka chachitatu chino, nayenso akuchokera komweko.